Mbiri ya Núcleo de Arte, Nyumba ya Amisiri ku Maputo

M'mudzi uli wonse muli amisiri. Alipo abambo osema mitondo, mipini ndi ng'oma. Alipo amai oumba mbiya ndi mitsuko. Ena amaluka mphasa ndi madengu, ena amapeka nyimbo, ena ndi akatswiri a gule. Ndipo sasowa mwana amene amatola khala pa moto n'kujambula njinga pa khoma la nyumba, mpaka amai ake amukalipire.

Kodi mwana wotereyu asowa ciani kuti luso lake likule? Lero tiwerenga mbiri ya bungwe lina la mumzinda wa Maputo. Dzina lake ndi Núcleo de Arte. Mau amenewa ndi a Cipwitikizi. M'Cinyanja tinganene kuti Phata la Luso. Ndi bungwe la anthu ojambula zithunzi, osema ndi oumba, ndipo pa bwalo pake paimbidwa nyimbo zambiri. Amisiri ena odziwika kwambiri a dziko lathu la Moçambique anayambira pamenepo. Tiyeni tione m'mene zinakhalira.

MZINDA WA MBALI ZIWIRI

Pa nthawi ya atsamunda, dzina la Maputo linali Lourenço Marques. Dzinali linasintha m'caka ca 1976. Mzindawo unali ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi inali ya nyumba za simenti, miseu ya tala ndi magetsi. Kumeneko kunali kukhala azungu. Mbali ina inali ya nyumba za bango ndi malata, monga ku Mafalala, ku Xipamanine ndi ku Chamanculo. Kumeneko kunali kukhala anthu akuda. M'mamawa anali kupita ku mzinda wa simenti kukaphika, kukacapa, kukasesa ndi kukasenza katundu pa doko. Madzulo anali kubwerera ku nyumba za bango.

Lamulo la atsamunda linagawa anthu. Munthu wakuda anampatsa dzina lakuti indígena. Anali kuyenda ndi kabuku ka citupa, anali kukhoma msonkho, ndipo anali kugwidwa cibalo. Kumidzi anali kukakamizidwa kulima thonje. Wakuda wofuna kuwerengedwa ngati mzungu anayenera kuonetsa kuti amalankhula ndi kulemba Cipwitikizi, ndi kuti wasiya miyambo ya makolo ake. Dzina la woteroyo linali assimilado, ndipo anthu otere anali owerengeka. Lamuloli linafafanizidwa m'caka ca 1961, koma zipsera zake zinatsala. Pamene dziko linalandira ufulu m'caka ca 1975, anthu oposa 90 mwa anthu 100 ali onse sanali kudziwa kuwerenga ndi kulemba.

M'dziko lotere luso la munthu wakuda linali kupeputsidwa. Mlendo anali kugula cosema cake pa mtengo wozizira, n'kupita naco kwao. Dzina la wosemayo silinali kulembedwa pali ponse. Cosema cinali kuyenda ulendo wautali, mwini wake osadziwika.

CIYAMBI CA BUNGWE

Bungwe la Núcleo de Arte linakhazikika m'zaka za m'ma 1930. Oliyambitsa anali Apwitikizi a mumzinda wa simenti. Anafuna malo okumanirana, ophunzitsirana ndi oonetserapo zithunzi zao. Cotero anakonza maphunziro a kujambula ndi pensulo, kujambula ndi utoto ndiponso kusema. Anali kukonzanso zionetsero.

Kodi cionetsero n'ciani? Ndi pamene mmisiri apacika zithunzi zake pa khoma, kapena aika zosema zake pa malo oonekera, n'kuitana anthu kuti adzaone. Ena amangoona. Ena amafunsa mafunso. Ena amagula. Pa nchito ili yonse pamalembedwa dzina la amene anaipanga. Ndi njira imeneyi mmisiri amadziwika.

Pa zaka zoyamba, bungweli linali la azungu. Wakuda anali kulowamo kudzasesa ndi kudzakonza mipando. M'zaka za m'ma 1950 akuda owerengeka anayamba kuphunzira kujambula kwa aphunzitsi acizungu. Anawaphunzitsa kujambula mapiri, nyanja ndi mitengo monga m'mene amajambulira ku Ulaya.

Pa nthawi yomweyo mumzindamo munali mai wina waluso, Bertina Lopes. Anabadwa m'caka ca 1924. Bambo ake anali Mpwitikizi, mai ake anali wakuda. Anaphunzira zojambula ku Lisboa, nabwerera kwao m'caka ca 1953 kudzaphunzitsa. Iye anayamba kujambula anthu osauka ndi mavuto ao. Boma la atsamunda silinakondwere naye. Anacoka m'dziko, nakakhala ku Roma mpaka imfa yake m'caka ca 2012.

MNYAMATA WOTOLA MIPIRA

Malangatana Valente Ngwenya anabadwa pa 6 Juni 1936 ku Matalana, m'dera la Marracuene, kumpoto kwa Maputo. Bambo ake anali kugwira nchito m'migodi ya ku Joni, monga amuna ambiri a masiku amenewo. Ali mwana anali kuweta ziweto. Anaphunzira pang'ono pa sukulu ya mishoni. Ali ndi zaka 12 anapita ku Lourenço Marques kukafuna nchito. M'caka ca 1953 analembedwa pa kalabu ya azungu osewera tenesi. Nchito yake inali kuthamangira mipira ndi kuibweza kwa osewera.

Malipiro anali ocepa, koma anamuthandiza kubwerera ku sukulu. Usana anali kutola mipira, usiku anali kuphunzira, monga ticitira ife tikaweruka kumunda. Akapeza pepala, anali kujambulapo.

Mmodzi wa osewera pa kalabupo anali Augusto Cabral, munthu wophunzira za zinyama, amenenso anali kujambula. Iye anaona cidwi ca mnyamatayo. Anampatsa utoto, maburashi ndi matabwa ojambulapo, namulangiza kuti azijambula zimene zili m'mutu mwake. M'caka ca 1958 Malangatana anayamba kupita ku Núcleo de Arte. Kumeneko mmisiri wina, Zé Júlio, anamuthandiza. M'caka ca 1959 zithunzi zake zinapacikidwa pa cionetsero pamodzi ndi za amisiri ena.

Pambuyo pake anakumana ndi Pancho Guedes, katswiri wolemba mapulani a nyumba. Guedes anampatsa galaja ya pa nyumba pake kuti azijambuliramo. Anali kugulanso zithunzi ziwiri mwezi uli wonse. Tsono mnyamata uja anatha kujambula tsiku lonse osada nkhawa ndi cakudya. M'caka ca 1961, caka cimene anakwanitsa zaka 25, anacita cionetsero cake coyamba ca iye yekha.

Anthu anadabwa. Zithunzi zake sizinali za mapiri ndi maluwa. Zinali zodzaza ndi nkhope zothinana, popanda mpata. Munali maso akuluakulu, mano akuthwa, zikhadabo ndi magazi. Munali asing'anga, afiti, zilombo, anthu omangidwa ndi amai olira. Anali kukonda utoto wofiira. Cimodzi ca zithunzi za caka cimeneco dzina lake ndi Juízo Final, kutanthauza Ciweruzo Cotsiriza. Zimene anali kujambula anazitenga ku nthano za ku Matalana ndi ku masautso amene anaona ndi maso ake. Munthu wa ku nyumba za bango, ngakhale wosadziwa kuwerenga, anali kuzindikira moyo wake m'zithunzimo.

Boma la atsamunda nalonso linazindikira. Pa 25 Seputembala 1964 nkhondo yomenyera ufulu inayamba. Apolisi acinsinsi a PIDE anagwira Malangatana, namuimba mlandu wogwirizana ndi FRELIMO. Anakhala m'ndende miyezi 18. Pa nthawi imeneyo anagwidwanso alakatuli José Craveirinha ndi Rui Nogar, ndiponso mlembi Luís Bernardo Honwana. M'ndendemo Malangatana sanaleke kujambula. Zojambula zake za m'ndende zinasungidwa, ndipo zimaonetsa m'mene akaidi anali kukhalira.

M'caka ca 1971 bungwe la Gulbenkian linamulipirira maphunziro ku Portugal. Ufulu utabwera, anajambula zithunzi zazikulu pa makoma, monga pa nyumba ya Museu de História Natural ku Maputo, kuti ali yense aziona popanda kulipira. Analinso mlakatuli, woimba ndi wovina. M'caka ca 1997 bungwe la UNESCO linampatsa ulemu wa Mmisiri wa Mtendere. Kwao ku Matalana anayambitsa malo ophunzitsirapo acinyamata zaluso. Anamwalira pa 5 Januwale 2011 ku Portugal, ndipo anaikidwa ku Matalana.

WOSESA ASANDUKA WOSEMA

Munthu waciwiri ndi Alberto Chissano. Tisamusokoneze ndi Joaquim Chissano, amene anali mtsogoleri wa dziko. Alberto anabadwa m'caka ca 1935 ku Manjacaze, m'cigawo ca Gaza. Nayenso anayamba ndi kuweta ziweto. Anagwira nchito m'migodi ya ku Joni. Anakhalapo msilikali wa Apwitikizi. Pambuyo pake anapeza nchito ku Núcleo de Arte. Sanalowe ngati wophunzira iai. Analowa ngati wanchito wosesa ndi wotumidwa.

Koma wosesa ali ndi maso. Tsiku ndi tsiku anali kuona amisiri akugwira nchito. Anaona m'mene agwirira zida zao, ndi m'mene akambirana za nchito ya mnzao. Ca m'ma 1964 iye anayamba kusema. Anali kutenga cipika ca mtengo n'kutsata m'mene mtengowo unapindikira. M'cipikamo munali kuturuka anthu ataliatali, a nkhope zacisoni, ena ataunjikana ngati banja limodzi pa nthawi ya njala.

Zosema zake zinaonetsedwa m'maiko ambiri. Acinyamata ena anaphunzira kusema poonera iye. Anamwalira m'caka ca 1994. Nyumba yake ya ku Matola inasanduka malo osungiramo zosema zake, ndipo dzina lake ndi Museu Galeria Chissano.

KODI NYUMBAYO INAWAPATSA CIANI?

Luso anabwera nalo okha kucokera kumudzi. Bungwe silinawapatse luso. Linawapatsa zimene kumudzi ndi ku nyumba za bango kunalibe.

Coyamba ndi malo. Cithunzi ca utoto cimafuna denga losadontha ndi masiku oti ciume. Cosema cacikulu cimatenga milungu. M'kanyumba ka cipinda cimodzi, mogona anthu asanu, nchito yotere singatheke.

Caciwiri ndi zida. Utoto, maburashi ndi nsalu zojambulapo zinali kucokera kunja kwa dziko, ndipo zinali zodula. Wotola mipira sakanatha kuzigula ndi malipiro ake.

Cacitatu ndi anzao. Mmisiri wokhala yekha sadziwa pamene walakwitsa. Pa gulu, wina amamuuza kuti dzanja ili lafupika, utoto uwu wacuruka. Wacinyamata amaonera wamkulu, monga mwana aphunzirira kusema mpini poonera atate ake.

Cacinai ndi khoma loonetserapo nchito, ndi anthu ogula. Mmisiri nayenso amadya. Akapanda kugulitsa, amasiya luso n'kupita kukafuna ganyu.

Koma tisanyengedwe. Pa nthawi ya atsamunda citseko ca nyumbayi cinatseguka pang'ono cabe. Malangatana analowa cifukwa anakumana ndi azungu awiri kapena atatu a mtima wabwino. Chissano analowera khomo la anchito. Nanga anyamata ndi atsikana ena aluso, amene sanakumane ndi munthu wotere? Anatha moyo wao m'minda ya thonje, pa cibalo ndi m'migodi, ndipo maina ao sitiwadziwa. Thandizo lodalira cifundo ca munthu mmodzi limafika kwa anthu ocepa.

Kumpoto kwa dziko, ku Cabo Delgado, amisiri anapeza njira ina. Amakonde ndi akatswiri osema mtengo wa phingo. Pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, osema a m'madera omasulidwa anapanga magulu ogwirira nchito pamodzi. Zosema zao zinali kugulitsidwa kudzera ku Tanzania, ndipo ndalama zinali kuthandiza anthu ndi nkhondoyo. Iwo analibe nyumba ya simenti, koma anali ndi gulu. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

UFULU UTABWERA

Pa 25 Juni 1975 dziko la Moçambique linalandira ufulu. Apwitikizi ambiri anabwerera kwao. Nyumba ya amisiri ija inatsala m'manja mwa ana a dziko lino. Amene kale anali kulowera khomo la anchito tsopano anakhala eni ake ndi aphunzitsi.

Boma latsopano linakweza magule ndi nyimbo zimene atsamunda anali kunyoza. M'caka ca 1978 kunacitika cikondwerero coyamba ca magule a dziko lonse. Cinayambira m'midzi, cinapita m'maboma ndi m'zigawo, cinakathera ku Maputo. M'caka ca 1979 kunakhazikitsidwa gulu la dziko la oimba ndi ovina, limene pambuyo pake linatenga dzina lakuti Companhia Nacional de Canto e Dança. M'caka ca 1983 sukulu ya zojambula, Escola de Artes Visuais, inatsegulidwa. M'caka ca 1986 Manuela Soeiro ndi anzake anayambitsa gulu la masewero la Mutumbela Gogo, limene linakhazikika m'nyumba ya Teatro Avenida. M'caka ca 1989 kunatsegulidwa Museu Nacional de Arte, nyumba yosungiramo zojambula ndi zosema za dziko. Tsono Núcleo de Arte sinalinso yokha.

Koma zaka zomwezo zinali za nkhondo yapaciweniweni, pakati pa boma la FRELIMO ndi RENAMO. Nkhondoyo inatenga pafupifupi zaka 16. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi kokha, ndipo ambiri a iwo anali ocokera ku Tete, ku Zambézia ndi ku Niassa. Masukulu ndi zipatala zinatenthedwa. M'masitolo munalibe katundu. Pamene sopo ndi mcere zikusowa, utoto ungapezeke bwanji? Amisiri anagwira nchito ndi zimene anapeza.

Pa 4 Okutobala 1992 mbali ziwirizo zinasaina pangano la mtendere ku Roma.

MFUTI ZISANDUKA MAKASU

Nkhondo inatha, koma mfuti zinatsala. Zinali zobisika m'nyumba, m'mapanga ndi m'maenje. Munthu amene anakhala ndi mfuti zaka zambiri anali kuopa kuipereka. Mfuti yobisika ndi moto wokwiriridwa ndi phulusa.

M'caka ca 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique linayamba nchito yatsopano. Woitsogolera anali Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican. Dzina la nchitoyo linali Transformação de Armas em Enxadas, kutanthauza Kusandutsa Zida Kukhala Makasu. Njira yake inali yosavuta. Munthu anali kubweretsa mfuti, osafunsidwa kumene anaitenga. Posinthana anali kulandira cinthu comuthandiza pa moyo: khasu, njinga, makina osokera, malata kapena simenti. Zida ndi zipolopolo zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa m'zaka zosakwana 10.

Mfuti zoperekedwazo anali kuzidula kuti zisadzaombenso. Nanga zidutswa zake azitaye kuti? Pamenepa ndi pamene amisiri acinyamata a ku Núcleo de Arte analowerera. Anatenga zidutswazo n'kuziwocherera pamodzi ndi moto wa magetsi. Kucokera m'mipope ya mfuti, m'zisa za zipolopolo ndi m'zogwirira, anapanga mbalame, ng'ona, mipando ndi anthu oimba magitala. Bwalo la nyumbayo linadzaza ndi phokoso la zitsulo.

Ena a acinyamatawa anataya abale ao pa nkhondo. Tsopano anali kugwira ndi manja mfuti za mtundu womwewo umene unapha abale aowo, n'kuzipinda monga afunira.

MPANDO NDI MTENGO

M'caka ca 2001 Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina lakuti Kester, anapanga mpando wacifumu wa mfuti zokhazokha. Kester anabadwa m'caka ca 1966 ku Zavala. Kumsana kwa mpandowo kuli mfuti za G3, zimene asilikali a Apwitikizi anali kugwiritsa nchito. Mbali zina ndi za mfuti za AK-47 ndi zina zocokera ku maiko a kum'mawa kwa Ulaya ndi ku North Korea. Palibe ngakhale imodzi yopangidwa m'dziko lino. Mpandowo umafotokoza mbiri popanda mau: amene anapanga zidazo anali kutali, amene anafa nazo anali kuno.

Nyumba yaikulu yosungiramo zinthu za mbiri ku London, British Museum, inagula mpandowo m'caka ca 2002. M'caka ca 2010 unasankhidwa kukhala cimodzi ca zinthu 100 zimene wailesi ya BBC inafotokozera nazo mbiri ya dziko lonse lapansi.

M'caka ca 2004 amisiri 4 anagwira nchito pamodzi: Kester, Hilário Nhatugueja, Fiel dos Santos ndi Adelino Serafim Maté. Anapanga mtengo wa zidutswa za mfuti, wotalika kuposa mamita 3, wolemera pafupifupi makilo 500. Anapanganso mbalame ndi tinyama toima pafupi nao. Anaupatsa dzina lakuti Mtengo wa Moyo. M'caka ca 2005 unaimikidwa ku British Museum. Munthu mmodzi sakanatha kupanga mtengo wotere. Unafuna bwalo, makina ndi manja ambiri.

Mmisiri wina wa gulu limeneli ndi Gonçalo Mabunda, amene anabadwa ku Maputo m'caka ca 1975, caka ca ufulu. Anakula pa nthawi ya nkhondo. Mipando ndi nkhope zake za zidutswa za zida zaonetsedwa m'maiko ambiri. M'caka ca 2015 zinaonetsedwa pa cionetsero cacikulu ca ku Venezia, m'dziko la Italia.

Nyumba ya bungweli ili mu mseu wa Rua da Argélia. Muli cipinda coonetseramo nchito ndi malo ogwirira nchito amisiri. Kwa zaka zambiri, Lamulungu madzulo, oimba anali kuimba pa bwalo pake, anthu a mumzinda nasonkhana kudzamvera. Cotero wojambula, wosema ndi woimba anali kukumana pa malo amodzi, ndipo woimba wacinyamata anali kupeza anthu omumvera.

NANGA IFE KUNO?

Maputo ndi kutali. Kucokera mumzinda wa Tete kukafika kumeneko pa mseu ndi makilomita oposa 1,500. Kucokera ku Niassa ndi kutali kuposa pamenepo. Mwana wa ku Angónia kapena wa m'mbali mwa nyanja sangapite ku Rua da Argélia kukaphunzira madzulo. Ili ndi vuto lenileni. Nyumba zambiri zothandiza amisiri zinamangidwa mumzinda waukulu, pamene anthu ambiri ali kumidzi.

Komatu luso kwathu kuno lilipo. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa Acewa a ku Moçambique, Malawi ndi Zambia ndi cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi. Caka comweco linalemekezanso timbila za Acopi a ku Zavala. Amene anasunga zimenezi ndi anthu a kumidzi, pophunzitsana akulu ndi ana. Malangatana ndi Chissano naonso anali abusa a ziweto ocokera kumudzi.

Taona zinthu zinai zimene mmisiri woyamba kumene amasowa: malo, zida, anzake, ndi poonetsera nchito yake. Zina mwa izi mudzi ungazipeze. Malo angakhale khonde la sukulu kapena cisakasa ca pa bwalo. Zida zingagulidwe ndi gulu, sompho ndi macizulo n'kumabwerekana. Amai amene amazira nyumba amadziwa kumene kuli dothi lofiira, loyera ndi lakuda, ndipo limenelo ndi utoto wosagula. Mmisiri wamkulu angalandire acinyamata awiri kapena atatu, atsikana ndi anyamata omwe. Tsiku la msika kapena tsiku lotsekera sukulu lingakhale tsiku la cionetsero.

Pali cinthu cina cimene tikuciphunzira m'kalasi muno. Wosema wa nthawi ya atsamunda sanathe kulemba dzina lake pa nchito yake. Cifukwa ca ici wogula anatenga cosema pamodzi ndi ulemu wake. Malangatana anaphunzira sukulu ya usiku, ndipo anali kulemba dzina lake pa zithunzi zake. Mmisiri wodziwa kulemba amaika dzina lake pansi pa mtondo kapena mbiya. Amawerengera masiku amene wagwira nchito asananene mtengo. Amalemba m'kabuku zida za gulu ndi amene wabwereka. Amatha kulemba kalata yopempha malo kwa mfumu kapena ku boma.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Tikaona mwana akujambula ndi khala pa khoma, timufunire pepala ndi pensulo, ndipo timuonetse kwa mmisiri wa m'mudzi mwathu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi ndani anayambitsa Núcleo de Arte, ndipo anthu akuda anali kulowamo bwanji pa zaka zoyamba?

2. Malangatana anali kugwira nchito yanji m'caka ca 1953? Nanga usiku anali kucita ciani?

3. Fotokozani zinthu zinai zimene mmisiri woyamba kumene amasowa.

4. Munthu wopereka mfuti kuyambira m'caka ca 1995 anali kulandira ciani?

5. Lembani maina a amisiri atatu a m'mudzi mwanu, ndi luso la ali yense. Kodi alipo wacinyamata amene akuphunzira kwa iwo?